Ululu wa m'mphechepeche wopanda chotupa: momwe wosewera mpira angauzindikirire, kuuchiza ndi kubwerera m'bwalo

Chikho cha m'dera lathu chitafika pa matimu anayi, wing'a wathu wakumanja anayamba kachitidwe kachilendo. Akaponya kona ankaima kaye, dzanja lili pachinena, nkhope atakwinya, kenako n'kuthamanga ngati palibe kanthu. Ndikamufunsa ankangoti, "Akochi, ndi kamnofu chabe, thupi likatentha kamasiya." Sankanama. Koma m'mawa mwake ankadzuka pamphasa ngati nkhalamba, kuyamba wagubudukira chammbali, n'kugwira khoma. Anzake ankamuseka kuti wazitenga kwa atsikana, agogo ake anamutema mphini, ife a timu tinkamugulira mapiritsi pagolosale. Miyezi inayi inapita chomwecho, ndipo mlandu waukulu unali wanga.

Madokotala vutoli amalitchula sports hernia, kutanthauza phudzi la amasewera, koma dzinali limasocheretsa chifukwa nthawi zambiri sipakhala phudzi kapena chotupa choti n'kuloza. Pafupa la pachinena pamakumana minofu yamagulu awiri. Ya pamimba imakokera m'mwamba, ya m'kati mwa ntchafu imakokera pansi. Zili ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi: ina ikakhala yamphamvu inzake yofooka, chimene chimavutika ndi goli. Wosewera mpira amamenya shoti, kutembenuka mwadzidzidzi ndi kutambasula mwendo polanda mpira kambirimbiri, ndiye minyewa ya pamalo amenewa imang'ambika pang'onopang'ono. Dokotala wa maopaleshoni wa ku London, Jerry Gilmore, anafotokoza vutoli mu 1980 ataliona mwa osewera mpira, n'chifukwa chake ena amaliti Gilmore's groin.

Choyamba: chotsani kaye zoopsa

Pepani, apa tizitchula zinthu poyera. Si ululu uliwonse wa m'mphechepeche umene uli wa mpira, ndipo wina sudikira kuti kuche.

Tchende likayamba kupweteka mwadzidzidzi komanso koopsa, makamaka kwa mnyamata wachisodzera, mwina n'kumasanza, likhoza kukhala kuti lapotokola ndipo magazi sakufikako. Madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 kuti alipulumutse. Chimodzimodzinso chotupa cha m'mphechepeche chimene chalimba, chikukana kubwerera m'kati, munthu akusanza ndipo mimba yatupa: amenewo ndi matumbo apanikizika. Pezani njinga yamoto kapena galimoto usiku womwewo, kaya ndi ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ku St Montfort ku Nchalo, kapena ku Trinity ku Muona kwa a tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Mtsikana wa ntchemberembaye kapena wa mpira wamiyendo amene wadumphitsa mwezi ndipo akumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, nayenso athamangire kuchipatala.

Pali zina zosathamangitsa chotero koma zofuna mankhwala akeake. Chotupa chofewa chimene chimatuluka mukatsokomola n'kubwerera mukagona ndi phudzi lenileni. Kutupa kwa madzi kosapweteka, kuja timati mwera, kuno kuchigwa cha Shire tikukudziwa bwino chifukwa matenda ofalitsidwa ndi udzudzu amene amakuyambitsa anali ofala ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2020 kuti Malawi wawagonjetsa, koma amene anatupa kale alipobe. Mwanabele amabwera ndi chilonda chapamwendo kapena matenda opatsirana pogonana. Mkodzo wamagazi kwa munthu wosamba m'Shire ndi m'madambo, ganizirani likodzo. Mwana wa zaka 10 mpaka 16 amene akutsimphina, akudandaula m'mphechepeche kapena pabondo, akajambulidwe chiuno musanamupatse thirening'i iliyonse.

Chachiwiri: umvetsereni ululuwo

Ululu wa sports hernia uli ndi khalidwe lake. Umakhala m'kati, mmunsi mwa mimba chakumbali, pamwamba pang'ono pa mzere umene ntchafu imakumanirana ndi mimba, ndipo nthawi zina umatsikira kuntchafu kapena kutchende. Umabwera pothamanga liwiro, potembenuka ndi pomenya mpira wautali. Mukapuma sabata imodzi umazilala, mukangovala jombo wabweranso. Kuyetsemula, kutsokomola ndi kudzuka pogona kumaudzutsa.

Dziyeseni motere. Gonani chagada, pindani mawondo, ikani mpira kapena nkhonya pakati pa mawondowo ndipo panani mwamphamvu masekondi 5. Kenako, muli chigonere, dzutsani mutu ndi mapewa mnzanu akukukankhani pang'ono pachifuwa. Lozani ndi chala chimodzi pamene pakupweteka. Ngati ndi pamtsempha wa m'kati mwa ntchafu pomwe wagwira fupa, vuto lagona kwambiri ku minofu ya ntchafu. Ngati ndi pamwamba, pamimba, ndiye ndi khoma la mimba. Ambiri amakhala ndi zonse ziwiri. Kuyesaku sikulowa m'malo mwa dokotala, kumangokuthandizani kukafotokoza zomveka.

Chachitatu: pitani kuchipatala, mukanene zonse

Apa ndi pomwe anyamata athu amaphonya. Amalowa, n'kunena kuti "m'mimba mukupweteka", manyazi atawagwira, n'kutuluka ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Tengani buku lanu la kuchipatala ndipo mukanene kuti mumasewera mpira, ululu unayamba mwezi wakuti, umabwera mukamachita chakuti, ndipo lozani malo ake. Dokotala adzakuimikani, n'kupisa chala m'njira imene phudzi limadzera kwinaku mukutsokomola, adzapinda ndi kuzunguza chiuno, mwina adzayezanso mkodzo. Sikani imathandiza kuona phudzi lobisika, ndipo X-ray imaonetsa mafupa. Makina a MRI, amene amaonetsa minyewa bwino, ndi okwerera Thabwa kupita ku Blantyre, koma ambiri safunika kufika pamenepo. Akatswiri atakumana ku Doha mu 2014 anagwirizana kuti mtundu wa ululu wa m'mphechepeche uzidziwika pofunsa wodwala ndi kumupima ndi manja. Pemphani kuti akutumizeni kwa a mafizo, akatswiri ochiza polimbitsa thupi, ngati alipo.

Chachinayi: masabata awiri oyambirira

Siyani mpira, liwiro ndi mashoti. Mabonanza a ganyu nawonso ayi, ngakhale patebulo pali mbuzi. Vuto la kuno n'lakuti wosewera wathu akachoka m'bwalo sapita kukagona pasofa. Amakapalasa kabaza atanyamula matumba awiri a mapira, amakadula nzimbe, amakalima kudimba. Sindinganene kuti asiye kudya, koma katundu wolemera wonyamula chowerama ndi kupalasa pachitunda achepetse kapena asinthane ndi m'bale wake. Kuyenda pansi ndi kupalasa njinga yopanda katundu pamalo athyathyathya palibe vuto ngati sizikupweteka.

Ayisi wokulunga m'kansalu, mphindi 15, amaziziritsa ululu. Bulufeni kapena diclofenac angathandize kwa masiku ochepa, mutadya kaye, ngati dokotala wavomera. Chimene ndimakana ine ndi kumwa mapiritsiwa kuti mulowe m'bwalo. Amagonetsa mlonda pamene wakuba ali m'khola. Komanso dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno limapitirira madigiri 40, ndipo mankhwala amenewa m'thupi louma madzi amapweteka impso.

Chachisanu: limbitsani, osangogona

Kupuma kokha sikuchiza. Mu 1999 madokotala a ku Copenhagen motsogozedwa ndi Per Hölmich anayerekeza njira ziwiri pa osewera amene anali ndi ululu wokhalitsa wa minofu ya m'kati mwa ntchafu. Mwa 29 amene ankalimbitsa minofu, 23 anabwerera kumasewera popanda ululu. Mwa 30 amene ankangosisitidwa, kuwongoledwa ndi kuikidwa makina, anabwerera 4 okha. Ndondomeko yawo inkatenga masabata 8 mpaka 12, katatu pasabata.

Zida zake muli nazo kale: mphasa, mpira, ndi mphira wa chubu cha njinga uja timamangira katundu pakaliyala.

Masabata awiri oyamba a kulimbitsaku, gonani chagada n'kupana mpira pakati pa mawondo masekondi 30, kupuma, kubwereza ka 10. Chitaninso chomwecho mpira uli pakati pa mapazi, miyendo itawongoka. Musapane ndi mphamvu zonse tsiku loyamba. Onjezani kukweza matako muli chagada mawondo atapinda, kugona chafufumimba mutatsamira zigongono ndi mawondo thupi lili tambalale osagwa msana, ndi kuima ndi mwendo umodzi mphindi imodzi mbali iliyonse.

Kuyambira sabata yachitatu, gonani chammbali n'kumakweza mwendo wapamwamba ka 10, kenako wapansi ka 10, maulendo asanu. Mangani mphira uja patsinde la mtengo, kolekani pakakolo, n'kumakokera mwendo m'kati modutsitsa kutsogolo kwa unzake, kubweza pang'onopang'ono. Kubwezako ndiye mankhwala, osaulekerera mphira kuti ukukokeni. Zodzutsa mutu ndi mapewa zolimbitsa mimba muziyambe pokhapokha zitasiya kubaya. Ndipo musamakhadzule miyendo pofuna kuwongola mtsempha wopwetekawo, monga timaonera anyamata akuchita pambali pa bwalo. Mu ndondomeko ya ku Copenhagen ija zimenezo anaziletsa.

Muyeso wake ndi uwu: ngati ululu woopsa kwambiri ndi 10, pochita zimenezi usapitirire 3, ndipo m'mawa mwake usakhale woposa dzulo. Ukaposa, bwererani pa zimene munkachita sabata yatha. Chitani mamawa kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi lili pambali.

Chachisanu ndi chimodzi: bwererani ndi makwerero

Pakatha masabata 6, ngati kupana mpira ndi kuyenda ndawala sizikupweteka, yambani kuthamanga pang'onopang'ono mowongoka, tsiku lina kupuma. Kenako liwiro, kenako kukhotakhota pakati pa zidina, kenako mapasi aafupi, ndipo mashoti ndi makona zikhale zomaliza. Gawo lililonse lichitike kawiri kapena katatu popanda ululu wa m'mawa musanakwere lina. Sankhani bwalo mosamala: dothi lamakande louma gwa, long'ambika ndi kupondedwa ndi ng'ombe, kapena mchenga wakuya wa m'mbali mwa mtsinje, si poyambira. Masewero oyamba lowani mphindi 20 zomaliza. Masapota adzakuwa kuti "m'lowetseni!", koma mawa lake sadzabwera kudzakudzutsani pamphasa.

Nanga opaleshoni?

Ngati mwalimbikira moona mtima miyezi iwiri kapena itatu koma ululu wa pakhoma la mimba sukusuntha, bwererani kwa dokotala mukambirane zokaonana ndi a maopaleshoni, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Amasoka khomalo kapena kuikapo kaukonde kolilimbitsa. Ku Finland mu 2011, pa osewera 60 amene anavutika miyezi ingapo, 27 mwa 30 ochitidwa opaleshoni anali atabwerera kumasewera pakutha miyezi itatu, pamene mwa 30 osachitidwa anabwerera 8. Choncho kwa munthu woyenera opaleshoni imagwira ntchito. Koma ikatha mumayambiranso pamphasa pomwe paja: kuyenda, kupana mpira, mphira wa njinga, kwa masabata 6 mpaka 12 malinga ndi mmene dokotala wanenera.

Kwa akochi anzanga

Pali thirening'i ina imene sidya ndalama, yotchedwa Copenhagen. Wosewera amagona chammbali atatsamira chigongono, mnzake n'kumugwira mwendo wapamwamba pabondo ndi pakakolo, m'mwamba molingana ndi chiuno cha wogwirayo. Wogonayo amadzutsa thupi kuti liwongoke, n'kukweza mwendo wapansi mpaka ukhudze wapamwamba, kenako kutsika pang'onopang'ono. Ku Norway anaiyesa pa matimu 35, katatu pasabata ligi isanayambe ndi kamodzi pasabata ili m'kati, ndipo mavuto a m'mphechepeche anatsika ndi 41 pa 100 alionse. Oyamba kumene achite katatu mpaka kasanu mbali iliyonse, mnzawo atagwira pabondo pokha. Ku timu yathu timaichita Lachiwiri pansi pa mtengo wa nimu, awiriawiri olingana msinkhu, ndipo wing'a uja, amene anabwerera patatha masabata 11, ndi amene amawerengera anzake.