Malangizo kwa Obwela Kudzapimitsa Kayendedwe ka Magazi m'Zala

Pepalali ni la inu a ku Zambia amene mukhala kuno ku Harare ndipo a dokota akutumizani kukapimitsa zala. Kupimaku n'kwa anthu amene zala zawo zimayela mbuu zikazizidwa, n'kucita dzanzi, kenaka n'kubiliwila, ndipo magazi akabwelela zimafiila n'kumabaya monga singano. Matendawa amachedwa Raynaud, dzina la Maurice Raynaud, dokota wa ku France amene anawafotokoza mu 1862. Tumitsempha twa m'zala tumafinyika kwambili moti magazi amalephela kudutsa.

Pa khungu lakuda kusinthaku sikuoneka msanga, conco muziyang'ana m'zikhadabo na kunsonga kwa zala cam'kati. Zikakuyambani m'mamawa mu June kapena July pamene mucapa pa pompi ku Mbare, zijambuleni na foni. Cithunzico cimathandiza kwambili, cifukwa zala zili na khalidwe lokhala bwino-bwino pa tsiku la cipatala.

Kwa maola 3 musanabwele, musakoke fodya, musamwe khofi kapena tiyi. Mowa muusiye kwa maola 12. Pa fodya m'pamene ambili amanama, koma ndudu imodzi cabe imafinya mitsempha, ndipo makina adzaonetsa vuto lalikulu kuposa limene muli nalo. Bweletsani mankhwala onse amene mumamwa, maka-maka a BP monga atenolol na propranolol, amene amaziziletsa manja. Musawaleke mwekha.

Mukafika mudzavula mphete na wochi, n'kukhala phee kwa mphindi 30 m'cipinda ca madigili pafupi-fupi 21. Ndiyeno a nesi adzamata kacipangizo kunsonga kwa cala. Makinawa, a laser Doppler, amaunika pakhungu na kuwala kofooka kumene kumangolowa pafupi-fupi milimita imodzi. Kuwalako kukagunda maselo ofiila a magazi amene ali kuyenda, kumabwelela kutasintha, ndipo kompyuta imajambula mzele wokwela na kutsika woonetsa mmene magazi ali kuyendela. Palibe nyeleti, palibe kucotsa magazi.

Pambuyo pake mudzavala magulovu a pulasitiki n'kuviika manja m'madzi a madigili 12 kwa mphindi 5. Kumawawa ndithu, tisanamizane. Ngati simungapilile, kambani ndipo adzaleka. Mukavuula manja musawafikise, musawapemelele mpweya, musawapise m'khwapa, pakuti cimene afuna kuona ni nthawi imene magazi amatenga kuti abwelele okha. Amene ali na zilonda m'zala kapena matenda a mtima auze a nesi asanakhudze madziwo.

Adzakufunsaninso za nchito. Ngati munagwilapo jekihama, gilayinda kapena dilu, kaya m'migodi ya ku Kitwe kapena m'mawekishopu a ku Graniteside, chulani zaka zonse, cifukwa kunjenjemela kwa makina kumawononga mitsempha ya m'manja. A dokota angafunenso kupima magazi tsiku lina kuti aone ngati vutoli layamba cifukwa ca lupus kapena scleroderma, matenda amene citetezo ca m'thupi cimaukila thupi lomwelo.