Momwe mungasungire maluwa m'nyumba kuno kuchigwa osafa ndi mchere kapena kutentha

Maluwa ambiri omwe amagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya mu Blantyre anakulira kumtunda kozizira, akumwa madzi opanda mchere. Mukatsika nawo Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, mwawabweretsa kudziko lina. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, nyumba ya malata yopanda siling'i masana simukhalika, ndipo mijigo yambiri imatulutsa madzi oti ukangolawa mchere umachita kumveka. N'chifukwa chake anthu ena anagwa ulesi, amati kuchigwa maluwa a m'nyumba sachita.

Amachita ndithu. Kungoti dzuwa timalinamizira zambiri. Chomwe chimapha maluwa ambiri kuno chili mumphika momwemo: dothi losatulutsa madzi, ndi mchere womwe umaunjikana pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Mukakonza ziwirizi, zotsalazo n'zopepuka.

Yambani ndi duwa lopirira

Musayambe ndi lokongola kwambiri. Yambani ndi lovuta kufa. Snake plant, uja wa masamba olimba amizeremizere oima chilili mofanana ndi khonje wamng'ono, amapirira mdima wa pabalaza ndipo mukamuiwala milungu iwiri osamuthirira sadandaula. Alovera naye amachita bwino kuno, bola akhale pafupi ndi zenera chifukwa amafuna kuwala kwambiri. Pali lina lotchedwa ZZ, la masamba onyezimira, lomwe limasunga madzi m'timbatata take pansi pa dothi. Kwawo kwa duwa limeneli ndi kuno kummawa ndi kummwera kwa Africa, m'mayiko monga Tanzania, Mozambique ndi Malawi, ndiye chilimwe sichachilendo kwa ilo. Money plant, uja woyanga, amafuna madzi ochulukirapo kuposa anzakewa, koma amakula msanga ndipo safuna dzuwa.

Ma fern ndi maluwa ena a masamba opyapyala omwe mumawaona m'makonde a ku Thyolo ndi ku Mulanje asiyeni kaye. Amafuna chinyontho cha mumpweya chomwe chiperoni chimawapatsa kumeneko, pomwe kuno kuyambira Ogasiti mpweya umauma gwa. Spider plant, uja wa masamba aatali onga udzu, amatha kukula, koma ndiye woyamba kupsa nsonga za masamba akamwa madzi amchere. Ngati mjigo wa kwanu uli wotero, musataye naye ndalama.

Kunena za ndalama, njira yabwino si kugula. Pemphani mbewu kwa mnansi amene duwa lake latha zaka lili moyo m'dera lanu lomwelo, chifukwa limenelo linazolowera kale madzi ndi kutentha kwa komweko. Alovera ndi snake plant amaphukira ana m'mbali. Zulani mwana wokhala ndi mizu yake, mumusiye pamthunzi masiku awiri kuti bala liume, kenaka mubzale. Mukabzala bala lili laliwisi amawola. Money plant mumangodula kamtengo ka masamba atatu, kudulira kunsi kwa mfundo, n'kukaika m'botolo la madzi. Madziwo muzisintha pakapita masiku atatu, ndipo mizu yoyera ikatalika pang'ono muwokere m'dothi. Nyengo yabwino yochitira zonsezi ndi kuyambira Epulo mpaka Julaye, kukazizirako. Duwa lowokeredwa mu Okutobala limalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, kutentha ndi kuzolowera dothi latsopano, ndipo kawirikawiri limagonja.

Mphika: choyamba ndi chibowo

Kaya mugwiritsa ntchito mphika wadothi, chigubu chodula cha mafuta ophikira, kapena ndowa yakale, pansi pake payenera kukhala pobowola. Mphika wopanda chibowo, ngakhale ukongole bwanji, ndi wa maluwa a pulasitiki. Chigubu chibowoleni ndi msomali wotenthetsa pamoto, mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi. Wadothi, auzeni amayi oumba kuti abowoleretu asanawotche, chifukwa mukamabowola wowotcha kale umasweka. Pamwamba pa chibowo ikani kaphale kopindika kuti dothi lisatuluke koma madzi azidutsa.

Ineyo ndimakonda wadothi. Umapuma, ndipo madzi akamatuluka m'mbali mwake mizu imazizirirako, monga zimachitikira ndi madzi a mumtsuko. Vuto lake ndi loti umauma msanga, ndiye ndi woyenera alovera ndi snake plant. Money plant amachita bwino m'chigubu. Zitini zachitsulo ndi mapulasitiki akuda musaziike pomwe dzuwa limafika, zimatentha mpaka kupsereza mizu. Ndipo musatenge chimphika chachikulu kubzalamo kambewu kakang'ono poganiza kuti kakule momasuka. Dothi lomwe mizu sinafikeko limangosunga madzi, mapeto ake ndi kuwola.

Dothi

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Munthu amangotenga khasu, kukumba kuseri kwa nyumba, kudzaza mphika. Makande akuda aja a ku Ngabu ndi abwino ku thonje ndi mapira, koma mumphika ndi ozunza. Akanyowa amamata, mizu imasowa mpweya. Akauma amalimba n'kuchoka m'mbali mwa mphika, ndiye mukathira madzi amangotsikira mumpata umenewo n'kutulukira pansi. Inu mumaona madzi akutuluka n'kumati lamwa, pomwe pakati pali pouma.

Sakanizani dothi lanu motere, poyezera chitini chimodzi chomwecho: zitini ziwiri za dothi lapamwamba la pansi pa mtengo, pomwe masamba akhala akuwolerana, zitini ziwiri za mchenga wa kumtsinje wokhakhala, osati wosalala wopakira pulasitala, ndi chitini chimodzi cha manyowa owolerana bwino. Onjezerani dzanja limodzi la timakala tophwanyika, tija timatsalira pansi pa thumba. Amene muli kufupi ndi masikimu a mpunga a Nkhate ndi Muona muli ndi mwayi wa mankhusu a mpunga, omwe amamasula dothi bwino kwambiri, makamaka akawaulidwa mpaka kuda koma osafika pokhala phulusa. M'dothi la alovera ndi snake plant muonjezeremo chitini china cha mchenga.

Manyowa kuno savuta, makola a ng'ombe ndi mbuzi ali ponseponse. Koma akhale akale, akuda, ofumbutuka, osanunkha ndowe. Aawisi amawotcha mizu, amaitana ntchentche ndi chiswe m'nyumba. Phulusa musathiremo ngakhale wina akuuzeni kuti limapha tizilombo, chifukwa limangoonjezera mchere pa mchere.

Musanabzale yesani: nyowetsani dothilo pang'ono, mufumbate, mutambasule dzanja. Likhale mbulu womwe ukaukhudza ndi chala umamwazika. Likamatirira ndi kusiya zidindo za zala, onjezerani mchenga.

Poika

Nyumba zathu zambiri zili ndi mazenera aang'ono, ndipo masana timatseka makatani pothawa kutentha. Duwa silingakhale kungodya yamdima mpaka kalekale. Imani pomwe mukufuna kuliika nthawi ya masana: ngati mungawerenge nyuzipepala osayatsa nyali, snake plant, ZZ ndi money plant akhala. Zenera la kummawa ndiye labwino koposa, dzuwa lake ndi lofatsa. La kumadzulo ndi loopsa kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, dzuwa la 2 koloko lodutsa pagalasi limasiya mabala oyera pamasamba tsiku limodzi lokha. Ngati zenera lomwe muli nalo ndi lomwelo, ikani katani yopyapyala kapena sunthani mphika ubwerere m'kati pang'ono. Kumbukiraninso kuti m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye zenera lomwe linali pamthunzi pa Khirisimasi likhoza kumalowa dzuwa nthawi imeneyo.

M'nyumba yopanda siling'i musaike maluwa pamwamba pa kabati kapena kuwapachika kufupi ndi malata, kutentha konse kumasonkhana kumeneko. Pansi ndiye pozizirirako, koma sanjikani mphika pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka bwino, chiswe chisalowere kuchibowo, komanso kuti madzi akalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, monga zimachitikira m'madera ambiri kuno, asayambire pamphika.

Kuthirira ndi nkhani ya mchere

Musathirire potsata kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, dikirani. Mukamva pouma, thirani mokwanira mpaka madzi atulukire pansi. Kuthira pang'onopang'ono tsiku lililonse, kakapu kamodzi kongonyowetsa pamwamba, ndi chizolowezi choipa kwambiri kwa ife a madzi amchere. Madziwo amauma, mchere umatsala, mawa mwaonjezera wina, ndipo palibe tsiku lomwe umatuluka. Pakatha miyezi ingapo mumaona zoyera zambuu pamwamba pa dothi ndi m'milomo mwa mphika, nsonga za masamba zikupsa, duwa lofota pomwe dothi lili lonyowa. Mchere ukachuluka mizu imalephera kukoka madzi ngakhale alipo.

Mankhwala ake ndi kutsuka dothi. Kamodzi pamwezi tulutsani mphika panja pamthunzi, palani zoyera zija ndi supuni n'kutaya, kenaka thirani madzi abwino pang'onopang'ono, ochuluka kawiri kapena katatu kuposa kukula kwa mphikawo, azitulukira pansi. Ukasiya kudontha ubwezereni m'nyumba. Apa mwaona chifukwa chomwe tinalimbikira za chibowo ndi mchenga: m'makande madzi amenewa sangadutse.

Madzi abwino koposa ndi amvula. Mvula yoyamba isiyeni itsuke fumbi la padenga, yotsatirayo mutchere m'migolo kapena m'zigubu n'kutseka bwino. Maluwa atatu kapena anayi samwa madzi ambiri, zigubu zochepa za malita 20 zikhoza kukutulutsani m'chilimwe ngati muwasungira ntchito yotsukira dothi yokha. Ena amaganiza kuti kuwiritsa madzi a pamjigo kapena kuwagoneka usiku kumachotsa mchere. Ayi, kuwiritsa kumauchulukitsa chifukwa chomwe chimachoka ndi nthunzi basi. Ngati m'dera lanu muli mijigo ingapo, mukudziwa kale womwe anthu amaukonda pa madzi akumwa, katungeni kumeneko. A mu Shire alibe vuto la mchere, koma musatume mwana kudooko chifukwa cha duwa, ng'ona sizidziwa kuti madziwo ndi a chiyani.

Thirirani mmawa. Madzi omwe akhala m'chigubu padzuwa ayambe azizira. Otsukira mbale ndi ochapira, a sopo, asapite mumphika. Ndipo masana otentha kwambiri money plant amatha kugwetsa masamba ngakhale dothi lili lonyowa. Musathamangire kapu, muoneninso madzulo, nthawi zambiri amakhala atadzuka yekha. Masamba akamachita chikasu kuyambira pansi, tsinde n'kufewa, dothi n'kumanunkha, ndiye kuti madzi achuluka. Zulani, dulani mizu yakuda yowola, muumike tsiku limodzi, mubzale m'dothi latsopano.

Kambale kolandirira madzi pansi pa mphika muzikakhuthula mukangotha kuthirira. Ndi kutentha kwa kuno, udzudzu umatha kuikira mazira n'kuuluka m'sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono, ndipo sitikufuna kuuweta pabalaza. Chimodzimodzi botolo la money plant lija.

M'dzinja, mpweya ukakhala wa chinyontho, chepetsani kuthirira. Tsiku lomwe kukugwa mvula yofatsa atulutseni avumbwe, imatsuka fumbi ndi mchere nthawi imodzi. Muwalowetse dzuwa lisanatuluke, chifukwa tsamba lozolowera m'nyumba silichedwa kupsa.

Fumbi ndi tizilombo

Kuyambira Ogasiti fumbi limalowa paliponse, ndipo tsamba lokutidwa ndi fumbi silidya bwino kuwala. Pukutani ndi kansalu konyowa, pamwamba ndi kunsi komwe. Mafuta ophikira omwe ena amapaka kuti masamba awale amangomata fumbi lina.

Mukamapukuta muziyang'ana m'mphanda mwa masamba. Mukaona toyera tonga thonje, ndi kodikodi, mtundu wa uja amavutitsa chinangwa, ndipo nthawi zambiri nyerere zimakhala zikukwera ndi kutsika pomwepo. Timadontho totuwa pamasamba ndi taulusi kunsi kwake ndi akangaude ofiira, omwe alimi a tomato amawadziwa bwino, ndipo amakonda nyengo yotentha ndi youma ngati yathuyi. Lipatuleni duwa logwidwalo kwa anzake. Sungunulani kachidutswa ka sopo wamtanda m'lita imodzi ya madzi mpaka achite thovu pang'ono, mupukute nawo tizilomboto, kenaka mutsukuluze ndi madzi oyera. Sopo waufa ndi waukali, amawotcha masamba. Nimu tili naye pafupifupi pakhomo lililonse: sinjani masamba odzaza manja awiri, muviike usiku wonse, musefe, muwaze madzulo kunsi kwa masamba. Kamodzi sikokwanira, bwerezani sabata iliyonse mpaka tizilomboto tithe. Mankhwala opopera thonje asalowe m'nyumba yomwe anthu amagona ndi kudyeramo.

Pa ana aang'ono samalani. Money plant ndi ZZ akatafunidwa amawotcha m'kamwa, ndipo dumb cane, uja wa masamba aakulu amawangamawanga, amatupitsa lilime ndi kukhosi. Aikeni posafikira mwana wokwawa. Za mbuzi sindichita kukuuzani, mphika woiwalika pakhonde ndi ndiwo zake.

Chakudya ndi ulendo

Maluwa a m'nyumba sadya kwambiri. Kawiri pachaka chotsani dothi lapamwamba pang'ono n'kuikapo dzanja limodzi la manyowa owolerana, basi. Feteleza wotsala kumunda ndi mchere naye, ndipo supuni imodzi ya urea mumphika waung'ono ikhoza kupha duwa m'masiku ochepa. Mizu ikayamba kutulukira kuchibowo, samutsirani mumphika wokulirapo pang'ono m'miyezi yozizira ija.

Mukakhala ndi ulendo wa sabata kapena awiri, kaya ndi kumaliro kaya kokolola kudimba, thirirani onse mokwanira tsiku lonyamuka, muwachotse pazenera, muwaunjike pamodzi pansi m'chipinda chozizirirako chomwe kuwala kumalowa. Pa money plant yalani mankhusu kapena udzu wouma pamwamba pa dothi. Snake plant, ZZ ndi alovera musawasiyire munthu woti azithirira, chifukwa wosiyiridwa amachita changu chofuna kukusangalatsani, amathira mmawa ndi madzulo, ndipo mudzawapeza atawola.