Kupanga class yanuyanu mu Dungeons & Dragons popanda kusokoneza masewera

Mu masewera a patebulo amenewa, class ndi mtundu wa munthu amene wosewera amasankha kukhala, monga wankhondo kapena wamatsenga. Funso ndi loti class yatsopano ya 5th edition (kope lachisanu la malamulo ake) ipangidwe bwanji kuti isapose zinzake mphamvu. Musanayambe, khalani ndi malamulo a masewerawa, madayisi, pepala, ndi anzanu atatu oyesera nawo.

1. Lembani ntchito ya class yanu pagulu m'chiganizo chimodzi: kumenya, kuchiritsa, kuzonda kapena matsenga. Ikafuna zonsezi, yalakwika kale.

2. Sankhani hit die, dayisi yoyezera kuchuluka kwa moyo wa munthu wanu. Wizard (wamatsenga) ali ndi d6, kutanthauza dayisi ya mbali 6, rogue (wozonda) d8, fighter (wankhondo) d10, barbarian (wankhondo waukali) d12. Wamatsenga ambiri mupatseni yaing'ono.

3. Perekani ma saving throw (kuponya dayisi podziteteza ku zoopsa) awiri: limodzi pakati pa Dexterity, Constitution ndi Wisdom, linalo pakati pa Strength, Intelligence ndi Charisma.

4. Yalani mphamvu kuyambira level 1 mpaka 20. Apa ndiye ambiri amaphonya, chifukwa amaunjika zokoma zonse pa level 1 ndi 2. Wosewera wochenjera amangodzatapa ma level awiriwo kudzera mu multiclassing (kuphatikiza ma class angapo pa munthu mmodzi), n'kubwerera ku class yake yakale atakhuta. Zikuluzikulu zidikire level 5, pomwe fighter amayamba kumenya kawiri ndipo wizard amatha kuponya Fireball (matsenga a moto) ya 8d6 (madayisi 8 a d6), yomwe pakatikati imavulaza 28.

5. Pa mphamvu iliyonse lembani nthawi yomwe imabwerera, kaya pa short rest (kupuma pang'ono) kapena long rest (kupuma nthawi yaitali). Yopanda malire ikhale yofooka ndithu.

6. Seweretsani class yanu pambali pa fighter ndi wizard pa level 1, 5 ndi 11. Mukaona anzanu akungoonerera inu mukumaliza adani nokha, chotsani mphamvu imodzi, muyesenso.