Konzekerani presentation ngati magetsi azima

Tsiku lina ndinaimirira pamaso pa mabwana a bodi ndili ndi ma slide 34, nditangofika pa yachitatu magetsi thii, jenseti nayo yakana kulira, ine kungoima ngati chitsa kukamwa kuli gwaa. Zonse zomwe ndimafuna kunena zinali mu laputopu, m'mutumu munalibe olo kanthu. Chichitikireni zimenezo ndimakonzekera ngati projekita kulibe, nde tamverani mmene ndimachitira.

Musanatsegule PowerPoint n'komwe tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi chokha, chonena zomwe mukufuna anthuwo achite mukakhala pansi. Avomereze bajeti? Abanki akupatseni ngongole? Kasitomala asaine? Chiganizochi chikamakukanikani ndiye kuti simunakonzeke, olo ma slide akongole bwanji. Pansi pake lembani mfundo zitatu zochiikira kumbuyo, zitatu basi, zoti mutha kuzinena mumdima.

Kenako ma slide. Guy Kawasaki, yemwe anagwirapo ntchito ku Apple, ali ndi lamulo lake la 10/20/30, ma slide asapitirire 10, nthawi isapose mphindi 20, zilembo zisachepere saizi 30. Ine chimandisangalatsa ndi cha 30 chija chifukwa zilembo zikakula chonchi simungathe kupanikiza ndime yonse pa slide, nde mumakakamizika kuyankhula nokha m'malo mofulatira anthu n'kumawawerengera zinthu zomwe awerenga kale inu musanafike pakati. Tebulo la Excel lodzadza manambala lisapite pa sikirini, sankhani nambala imodzi yofunikayo muikulitse, zotsalazo muwapatse papepala.

Poyambira mpamene ambiri timathera nthawi. Malonje timawakonda, olemekezeka awa, olemekezeka awo, mpaka mphindi zisanu zatha tisanakhudze nkhani. Ulemu perekani ndithu, apampando alonjereni bwinobwino, koma mwachidule, kenako lowani ndi chinthu chowagwira mtima, monga kuti makasitomala akumabwerera pakhomo nthawi ya lanchi chifukwa mzere watalika ndipo lero mwabwera ndi njira yothetsera. Ndipo chonde musayambe ndi kupepesa kuti simunakonzekere bwino, anthu sakanadziwa, mwadziulula nokha.

Tsopano gawo lomwe aliyense amalithawa, kuyeserera mokweza mawu. Kuwerenga chamumtima muli mu minibasi sikuyeserera ayi. Imikani foni pa shelefu mudzijambule mukuyankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kenako muonere. Zimawawa, ine koyamba ndinazimitsa pakati nditamva kuti "ndiye kuti" ndimamunena pafupifupi chiganizo chilichonse, manja ali m'thumba kuseweretsa makiyi. Ku Toastmasters, bungwe lophunzitsa kuyankhula pagulu lomwe Ralph Smedley anayambitsa mu 1924 ku California, pamsonkhano pamakhala munthu ntchito yake kungowerenga ma "eeh" ndi ma "aah" a oyankhula. Inu pemphani mnzanu wa mu ofesi akuwerengereni. Mankhwala ake ndi kukhala chete, mukafuna kunena "eeh" tsekani pakamwa mupume, kwa inu zimaoneka ngati chaka koma omvera amangoona munthu wodekha. Bwerezani katatu kapena kanayi muli ndi wotchi, akakupatsani mphindi 15 konzani za 12.

Mantha satha, amangochepa. Fikani msanga, yesani maiki, madzi akhale pafupi, ndipo ziganizo ziwiri zoyambirira mulowezeretu poti mpamene mawu amanjenjemera. Maso asakhale pa bwana wamkulu yekha, malizani mfundo mukuyang'ana munthu mmodzi, ina muyang'ane wina kumbuyo. Akakuikani 2 koloko anthu atakhuta nsima ndi chambo, ngati kuma workshop a kunyanja kuja, afunseni funso msanga apo ayi muziyankhula ndi anthu osinza.

Pa mafunso, bwerezani funsolo mokweza kuti onse amve, inunso mumapezerapo mpata woganiza. Ngati yankho mulibe musapeke nambala pamaso pa akauntanti, nenani kuti mutumiza pofika Lachisanu ndipo mutumizedi.

Mu chikwama mukhale fulashi yokhala ndi PDF ya ma slide anu, kope ina pa foni, chingwe chanu cha HDMI cholumikizira laputopu ku projekita, ndi kapepala kaja ka mfundo zitatu m'thumba la malaya.