Momwe mungapezere commit imene yaononga pulogalamu pogwiritsa ntchito git bisect

Pulogalamu inkayenda bwino mwezi watha, lero ikuvuta, ndipo pakatipa anzanu a pa ntchito alowetsa ma commit 300, kutanthauza magulu a zosintha za khodi amene amasungidwa mu mbiri ya pulogalamuyo. Musayambe kuwerenga khodi mzere uliwonse kapena kuloza chala amene analemba pomaliza. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi, ili ndi lamulo la git bisect, limene limagawa mbiri ya ma commit pakati, inu n'kuyesa ngati vuto lilipo pamenepo, kenako limagawanso theka lotsalalo. Pa ma commit 300 muyesa kosapitirira ka 9, pa 1,000 pafupifupi ka 10.

Choyamba, pezani njira yoonetsera vutolo imene imapereka yankho limodzimodzi nthawi zonse. Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Ngati mayeso anu amadutsa lero n'kulephera mawa pa khodi yomweyo, bisect ikulozerani commit yosalakwa. Sungani kaye pambali zimene mwasintha koma simunazilowetse mu commit pogwiritsa ntchito git stash, kenako lembani:

git bisect start
git bisect bad
git bisect good v1.4

Mzere wachiwiri ukuuza Git kuti pamene mulipa pali vuto. Wachitatu ukutchula tag (dzina lopatsidwa commit inayake, monga v1.4) kapena commit imene inali bwino. Muiyese ndithu commit imeneyo, musadalire zokumbukira.

Git ikupititsani pa commit yapakati. Yesani, ndipo lembani git bisect good ngati zili bwino, git bisect bad ngati vuto laoneka. Pitirizani mpaka Git itatchula commit yoyamba yoipa.

Ngati mayesowo angathe kulembedwa mu script (fayilo ya malamulo oti kompyuta itsatire, monga yesa.sh), musadzitopetse ndi manja. Lembani git bisect run ../yesa.sh ndipo kompyuta imaliza yokha. Script ikatuluka ndi 0, Git imati commit ili bwino; nambala za pakati pa 1 ndi 127 zimatanthauza kuti ndi yoipa, kupatula 125 imene imatanthauza kuti siingayesedwe. Script imeneyi muiike kunja kwa foda ya pulojekiti, chifukwa Git ikabwerera ku commit yakale, fayilo imene inalowa posachedwa imasowa.

Zovuta zina n'zodziwika. Commit ina imakana kuyenda pa chifukwa china chosakhudzana ndi vuto lanu. Imeneyo musaitche yoipa, lembani git bisect skip. Ma library, khodi ya ena imene pulogalamu yanu imadalira, nawo amasintha pakati pa ma commit, choncho script izithamangitsa kaye lamulo lolowetsa ma library, monga npm ci kapena pip install -r requirements.txt, isanayese. Database ndiyo imapusitsa ambiri: khodi yakale pa matebulo atsopano imalephera popanda kulakwa, ndiye muzigwiritsa ntchito database yoyeserera yomangidwa mwatsopano ulendo uliwonse. Mukalemba good pamene mumafuna bad, tumizani git bisect log mu fayilo, fufutani mzere wolakwikawo, chitani git bisect reset, kenako git bisect replay ndi fayiloyo.

Commit ikapezeka, iwerengeni ndi git show. Ikakhala ya mizere 20, chifukwa chake chimaoneka msanga. Ikakhala ya mizere 3,000 yotchedwa "zosintha zosiyanasiyana", ntchito idakalipo, n'chifukwa chake woona khodi ya anzake ayenera kukana ma commit otere asanalowe. Nthawi zinanso commit yopezekayo imangovumbula cholakwika chimene chinabisala kalekale, ndiye musathamangire kubweza commit imeneyo ndi git revert musanamvetse.

Pomaliza lembani git bisect reset kuti mubwerere pa branch yanu, ndipo mayeso aja muwalowetse mu pulojekiti pamodzi ndi khodi yokonzedwayo.