Kuwotcha nthuli yathunthu ya nyama ya ng'ombe koyamba

Kanyenya tonse timamudziwa: tizidutswa ting'onoting'ono, moto waukali, mphindi zochepa, wapsa. Vuto limabwera tsiku limene munthu waganiza zowotcha nthuli yathunthu ya kilogalamu imodzi ndi theka, kaya pa Khirisimasi kaya kwabwera alendo olemekezeka, n'kuichita ngati kanyenya. Kunja imapserera mkati ikadali yaiwisi, ndipo mukaibwezera pamoto imatuluka youma gwa. Ine ndinayamba choncho. Apongozi anga anatafuna kanthuli kamodzi mpaka nsima kuzizira, koma poti ndi anthu aulemu sananene kanthu, anangopempha madzi akumwa.

Ntchito imayambira kubutchala. Ng'ombe zathu zambiri ndi za mtundu wa Malawi Zebu. Zimayenda mitunda kusaka msipu, ndipo zina zimakhala zakoka ngolo zaka zambiri zisanaphedwe. Nyama yake ndi yokoma, koma mafuta ndi ochepa ndipo ndi yolimbirapo. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera nyama ya ng'ombe zonenepetsedwa m'khola, ndiye musamangowatsatira osaganizira nyama imene muli nayo m'manja.

Lawirirani m'mamawa, wogulitsa asanayambe kuikhapa ndi chikwanje n'kusakaniza mnofu ndi mafupa. Pemphani mnofu wathunthu wapamsana kapena wakumtunda kwa ntchafu. M'masitolo akuluakulu mudzaupeza utalembedwa kuti sirloin, rump kapena topside. Nyama yapakhosi, yapachifuwa ndi yam'miyendo ili ndi mitsempha yambiri. Imeneyo ndi yophika ndi madzi kwa maola angapo, muuvuni wouma idzakuchititsani manyazi. Mafuta oyera amene ali pamwamba musalole kuti awasenge, chifukwa ndi amene amasungunuka n'kumanyowetsa nyama ikamapsa. Ngati nthuliyo ilibe, pemphani kachidutswa ka mafuta kuti mudzamangirire pamwamba. Gulani nyama imene yayezedwa ndi azaumoyo wa ziweto, ndipo mukaona timbewu toyera ngati mpunga mkati mwa mnofu, isiyeni: ndi ana a njoka zam'mimba. Ya ng'ombe yofa yokha, ngakhale itsike mtengo bwanji, ayi.

Ngati muli ndi firiji, thirani mchere dzulo lake, masupuni aang'ono awiri pa nthuli ya kilogalamu imodzi ndi theka, n'kuigoneka yosavundikira. Mchere umalowa mpaka mkati ndipo kunja kumauma, zimene zimathandiza kuti ifiire bwino. Opanda firiji agule tsiku lomwelo, athire mchere, adikire ola limodzi. Ambirife tinazolowera kutsuka nyama. Ngati mwaitsuka chifukwa cha tizidutswa ta mafupa, ipukuteni ndi kansalu koyera mpaka iume, popeza nyama yonyowa siwotcheka, imangobwadamuka m'madzi ake. Pakani mafuta ophikira pang'ono, adyo wosinja ndi tsabola. Za papaya waiwisi anthu amafunsa kawirikawiri. N'zoona amafewetsa, koma pa nthuli yaikulu amangogwira kunja kokha, ndipo mukamusiya usiku wonse kunjako kumasanduka phala. Ine ndimamusungira kanyenya. Pomaliza mangani nthuliyo ndi ulusi wathonje, osati wapulasitiki, kuti ikhale yofanana kukula mbali zonse.

Nyama yochokera m'firiji ikhale kaye panja theka la ola kapena ola limodzi. Tenthetsani uvuni kufika madigiri 220. Yalani anyezi ndi kaloti zoduladula m'thireyi, ikani nyama pamwamba pake, mbali yamafuta kumwamba. Ipse choncho mphindi 20 kuti ifiire, kenako tsitsani moto kufika pa 170 kapena 180. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa poganiza kuti moto wochepa ukuwachedwetsa. Kutentha kumayenda pang'onopang'ono kuchokera kunja kupita pakati, ndipo simungakuthamangitse. Werengerani mphindi 25 pa theka lililonse la kilogalamu, kutanthauza ola limodzi ndi mphindi 15 pa nthuli yathu ija. Pakatha theka la ola lililonse tungani mafuta a m'thireyi ndi supuni n'kuthira pamwamba, mutseke msanga. Magetsi akazima, musatsegule chitseko. Uvuni umasunga kutentha kwa kanthawi, inu mukukoleza mbaula.

Opanda uvuni asadandaule. Amayi amene amaphika chigumu ndi makala pansi ndi pamwamba, luso ali nalo kale. Tengani poto wokhuthala, kazingani nthuliyo mbali zonse m'mafuta pang'ono mpaka ifiire, ikani anyezi pansi pake ndi theka la kapu ya madzi, vundikirani. Pambaula pakhale makala ochepa okutidwa ndi phulusa, ochulukirapo akhale pachivundikiro. Tembenuzani nyama pakatha theka la ola lililonse, ndipo pansi pakauma onjezani madzi pang'ono. Kunena zoona, kwa nyama ya ng'ombe yokalamba njira imeneyi imaposa uvuni, chifukwa nthunzi imafewetsa mitsempha. Ingoipatsani nyamayo maola awiri kapena atatu.

Mudziwa bwanji kuti yapsa? Maso adzakunamizani. Amene ali ndi kachida koyezera kutentha kwa nyama abaye pakati penipeni: madigiri 63 ndiye kuti yapsa koma ikadali yofiirira pang'ono mkati, pamene pa 71 kufiira konse kwatha, monga ambirife timakondera. Opanda kachidako abaye ndi kampeni kowonda mpaka pakati, awerenge mpaka khumi, azule. Madzi otuluka akakhala ofiira ngati magazi, sinapse. Akakhala oyera ndipo nsonga ya mpeni ikuwotcha mukaikhudzitsa kuseri kwa dzanja, phulani. Musabayebaye paliponse, bowo lililonse limataya madzi. Kwa amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi odwala, ipse mpaka kufiira kuthe.

Mukaphula, manja kumbuyo. Ana adzazungulira, bambo adzabwera ndi mpeni, koma ikanizeni. Iikeni pambale, funditsani foyilo kapena mbale ina, ipume mphindi 15 mpaka 20. Nyama yotentha ikadulidwa pompo, madzi onse amathawira pathabwa, n'chimene chinandichitikira tsiku la apongozi lija. Ikapuma, madziwo amakhazikika mumnofu.

Nthawi yodikirayi pangani msuzi. Zimene zakakamira pansi pa thireyi musazitaye, kukoma kuli pomwepo. Tsanulani mafuta ochuluka, ikani thireyi pamoto, wazani supuni imodzi ya ufa watirigu, takasani, thirani makapu awiri a madzi otentha pang'onopang'ono mukupala pansi, iwire mphindi zisanu. Madzi amene atuluka mu nyama ikupuma thiraninso momwemo.

Podula, yang'anani kumene ulusi wa mnofu walowera, inu mudule mopingasa, zopyapyala, ndi mpeni wonola. Mukadula motsatira ulusi, ngakhale nyama yopsa bwino imavuta kutafuna. Imayenda ndi mbatata ya kachewere yowotchera m'thireyi yomweyo, mpunga, kapena nsima ndi mpiru. Yotsala ilowe m'firiji pasanathe maola awiri, idyedwe m'masiku awiri kapena atatu. Kumene kulibe firiji, iduleni muiwiritse mumsuzi uja madzulo omwewo, m'mawa muiwiritsenso musanadye.