Filimu ya nkhondo pa ndalama zochepa: zimene zimatheka ku Kasungu ndi ku Mchinji, ndi zimene zimagwetsa

Filimu ya nkhondo imadya ndalama. Imafuna khamu la anthu, yunifomu, mfuti, magalimoto, moto ndi utsi, ndipo chimodzi mwa izi chikaperewera woonera amazindikira msanga. Gulu la achinyamata a pa Kasungu boma kapena pa Kamwendo, lokhala ndi kamera imodzi ndi kompyuta yobwereka, silingaonetse magulu awiri a asilikali akuswana pabwalo. Likayesa, anthu amaseka pomwe amayenera kugwidwa nthumanzi. Koma pali mbali ina imene gulu lotere lingaijambule bwino, nthawi zina kuposa a ndalama zambiri: munthu amene nkhondo yamupeza. Njala yake, kudikira, kusowa tulo, kukangana ndi mnzake chifukwa cha madzi otsala m'botolo. Ntchito yanu iyambire pamenepo.

Nkhani ilingane ndi thumba

Musanalembe tsamba loyamba, werengani zimene muli nazo. Atengambali akuluakulu asapitirire asanu, malo ojambulira asapitirire atatu, ndipo nkhani yonse ichitike m'tsiku limodzi kapena awiri. Nkhani ya masiku ochepa imapulumutsa zambiri: zovala sizisintha, ndevu sizikula, nyengo imakhala imodzi.

Mphamvu yaikulu ya filimu yodziyimira payokha ndi yoti palibe mwini ndalama wokusankhirani nkhani, ndipo nkhani zili pakhomo pomwepa. Mu 1895 asilikali a atsamunda anathira nkhondo Mwase Kasungu. Mu 1898 anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo boma la Mchinji linayamba ngati linga lotchedwa Fort Manning. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna a Nyasaland anatengedwa, ena ngati asilikali a King's African Rifles (KAR), ochuluka ngati amtengatenga, ndipo ambiri mwa amtengatenga amene anafa anaphedwa ndi njala ndi matenda, osati chipolopolo. Pa nkhondo yachiwiri asilikali athu anafika mpaka ku Burma. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inathamangitsira m'dziko muno anthu pafupifupi miliyoni imodzi.

Mwa zonsezi, ya amtengatenga ndi ya othawa nkhondo ndi zimene zimakwanira m'thumba laling'ono. Amuna asanu ndi mmodzi, nsalu m'chiuno, mabokosi pamutu, msilikali mmodzi wowayang'anira, ndi funso loti athawe usiku uno kapena apirire: filimu yathunthu imeneyo, mfuti yake imodzi yokha. Nkhani ya Mwase ndi yokoma kumva koma imafuna mudzi wonse wamakedzana, ndipo simungaikhudze musanakhale pansi ndi eni mbiri kwa mfumu.

Mukapita kukacheza ndi okalamba amene anaona zothawathawa, pemphani chilolezo musanayatse chojambulira mawu, ndipo mayina musinthe. Musawafunse za nkhondo yonse. Afunseni zimene ananyamula tsiku lothawa, zimene anadya panjira, mmene ankatontholetsera mwana kuti asamveke.

Lamulo limodzi likutsogolereni polemba: mdani asaoneke. Amveke patali, aoneke utsi wake, mapazi ake pamchenga, chithunzithunzi chake kuseri kwa mitengo. Mdani wosaoneka safuna yunifomu kapena nsima, ndipo amaopsa kuposa anyamata khumi amene woonera amawadziwa kuti ndi a kabaza a pamsika.

Zilolezo

Kuvala zofanana ndi za asilikali popanda chilolezo ndi mlandu m'dziko muno, ndiye musanasoketse chilichonse kaonaneni ndi apolisi, muwapatse kalata yofotokoza malo, masiku ndi chiwerengero cha anthu, ndipo akuuzeni ngati pakufunikanso chilolezo cha a Malawi Defence Force. Kwa amfumu mupite nokha, osatuma mwana, kuti mudzi wonse udziwe kuti phokoso la kudambo ndi sewero. Mfuti zamitengo ziyende m'thumba lotseka, zitulukire pamalo ojambulira pokha. Kufupi ndi malire a Zambia kapena Mozambique musajambule, ndipo m'nkhalango ya Kasungu National Park musalowe ndi chooneka ngati mfuti: woyang'anira nyama akakuonerani patali sangadziwe kuti ndi mtengo.

Mfuti ndi zovala

Mfuti yeniyeni isafike pamalo ojambulira, ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe kanthu. Gogodela wa agogo nayenso ayi. Wosewera mafilimu Brandon Lee mu 1993 ndi wojambula mafilimu Halyna Hutchins mu 2021 anafa atawomberedwa ndi mfuti pamalo ojambulira ku America, pa mafilimu a ndalama zimene inu simudzaziona.

Kalipentala aseme thupi la mfuti ndi mtengo wa malaina, wowotcherera aikepo paipi yachitsulo yotseka. Muwapatse chithunzi ndi muyeso: Lee-Enfield ya asilikali a KAR ndi yotalika pafupifupi masentimita 113, AK-47 ya nkhondo ya ku Mozambique pafupifupi 88. Chimene chimaulula mfuti yabodza si maonekedwe koma kupepuka. Zenizenizo zimalemera pafupifupi makilogalamu 4, ndiye bisani chitsulo m'kati kuti phewa la wonyamula litsike ndipo lamba akoke malaya. Penti ikhale yakuda yosanyezimira. Ikauma, perani mtima wa pensulo mupake m'mphepete ndi chala. Pamawala ngati chitsulo chogwiridwagwiridwa. Mfuti ziwiri zokha ndi zimene zifunika luso lonseli, zoonekera pafupi ndi kamera. Zotsalazo zingakhale zosemedwa mwachidule.

Moto wa kukamwa kwa mfuti umaikidwa pakompyuta, ndipo usapitirire fremu imodzi kapena awiri (fremu ndi chithunzi chimodzi mwa zambiri zimene kamera imatola pa sekondi iliyonse). Masana suoneka kwenikweni. Chimene chimakhutiritsa woonera ndi phewa kugwedezeka, maso kuphethira ndi kautsi kotsalira. Lee-Enfield imafuna kukoka chitsulo chake ukawombera kamodzi kalikonse; kuiombetsa mosalekeza ndi cholakwa chimene msilikali wopuma aliyense adzachiona.

Yunifomu yatsopano imapha filimu. Kaki wa pakaunjika kapena wa kwa telala muviike usiku wonse m'chidebe cha tiyi wakuda kwambiri, muchape pamwala kangapo, mukhule m'mawondo, m'zigongono ndi m'kolala ndi sandipepala, kenako mupake katondo wonyowa ndi kuyanika padzuwa. Malaya a mtengambali wamkulu akhale awiri ofanana, ena oyera ena a magazi, ndipo zigawo zopanda magazi zijambulidwe poyamba. Yang'ananinso kametedwe, zikhadabo, mawotchi ndi nsapato zapulasitiki.

Mabomba, utsi ndi magazi

Petulo ndi makombola ayi. Amavulaza, ndipo pakamera saoneka ngati bomba. Tengani thabwa lolimba la mamita awiri, muligoneke pa chipika, mbali imodzi muikepo beseni lodzaza dothi losefa, madeya ndi makoko a mtedza. Munthu wobisika akadumphira mbali inayo, zonse zimauluka m'mwamba. Kamera ikhale pansi, beseni libisike kuseri kwa chulu, wojambula agwedeze kamera kamodzi, mwamphamvu, pa nthawi yomweyo. Dothi lisefedwe ndithu, chifukwa kamwala kamodzi kangathe diso. Pofuna kuonetsa chipolopolo chikugunda pansi, kwirirani paipi yothirira ya mamita asanu, kukamwa kwake kuloze kumwamba, muthiremo fumbi lodzaza dzanja, ndipo wina aliphulitse ndi pampu ya matayala.

Utsi ndi bwenzi lalikulu la wosauka, chifukwa umabisa zimene kulibe. Makala oyaka m'chitini, masamba aawisi pamwamba, chitinicho chikhale kumene mphepo ikuchokera. Koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, tchire la kuno limayaka ndi kanthethe kamodzi. Lambulani mamita atatu kuzungulira chitini, ikani zidebe ziwiri za madzi ndi munthu wosachita china koma kuyang'ana moto. Chigafa cha fodya ndi malo abwino obisalamo othawa nkhondo m'filimu, koma moto usachiyandikire.

Magazi: kapu imodzi ya golden syrup, masupuni awiri a mtundu wofiira wothira m'makeke, supuni imodzi ya koko, madzi pang'ono. Popanda koko amaoneka ngati sobo. Magazi ouma amada, ndiye bala la dzulo lichuluke koko. Shuga ameneyu amaitana nyerere ndi njuchi, choncho wogona pansi apakidwe kamera itakonzeka kale, ndipo asambitsidwe mukangomaliza.

Kamera

Ikani mafremu 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa fremu iliyonse) ya 1/50 ya sekondi, kuti mababu a magetsi athu a 50 Hz asaphethire pachithunzi. Pa zigawo zomenyana kwezani shutter ifike 1/100 kapena 1/200. Fumbi ndi dothi louluka zimaoneka zakuthwa. Ngati mukujambula ndi foni, tsekani kuwala ndi focus kuti zisamasinthe zokha, ndipo foniyo ikhale pamthunzi, chifukwa dzuwa la Okutobala limaizimitsa pakati pa chigawo.

Kufooka kofala kwa mafilimu otere ndi kugwedeza kamera kuti anthu asaone umphawi. Zotsatira zake woonera sadziwa amene akuwombera ndi kumene akuloza. Sankhani mbali: anthu anu ayang'ane ndi kuthamangira kumanja, zoopsa zichokere kumanja komweko, ndipo kamera isawoloke mzere umenewo mpaka chigawo chithe. Anthu asanu ndi atatu amaoneka ngati gulu mukaima patali ndi kuwakoka ndi lens yaitali, atathithikana, ena akudutsa pafupi ndi kamera, m'mphepete mwa chithunzi mutadzaza. Chithunzi chotambalala chimawawerenga mmodzimmodzi. N'chifukwa chake drone, imene aliyense amailakalaka, imakuwonongerani: imaonetsa malata, nsanja za mafoni, mawaya a magetsi ndi kuchepa kwa anthu anu.

Jambulani kuyambira mbandakucha mpaka 8 koloko, ndi kuyambira 3 koloko masana mpaka dzuwa kulowa. Dzuwa la paliwombo limadetsa m'maso ndi kuyeretsa thambo. Nthawi imeneyo ndi yodya ndi yoyeserera.

Mawu

Apa ndi pomwe ndalama zanu zochepazo ziyenera kupita. Woonera amakhululukira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamavuta amachoka. Ndiponso nkhondo imene simungaionetse mungaimveketse yonse.

Maikolofoni isatalikire mita imodzi kuchokera pakamwa, ndipo ya pakamera musaidalire. Mphepo ya mwera ya Juni ndi Julayi imawononga mawu kotheratu. Sokani kathumba ka nsalu yaubweya, monga ya zidole za pakaunjika, muveke maikolofoni. Musanasankhe malo, kaimenipo mphindi khumi mutatseka maso pa ola lomwe mudzajambule. Chigayo, njinga zamoto ndi kwaya yoyeserera zimamveka kutali kuposa mmene mumaganizira, ndipo mu 1916 kunalibe njinga za kabaza. Pamalo aliponse jambulani mphindi ziwiri za bata, aliyense ali chete, zodzatsekera mipata polumikiza.

Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Bomba lophulika pa mtunda wa kilomita imodzi limaoneka kaye, n'kumveka patapita masekondi atatu. Mukasiya mpata umenewo, woonera amamva kutalika kwa malo popanda kumuuza. Kulira kwa mfuti kukhale ndi zigawo zitatu: kuthyoka kwakuthwa, kugunda kwapansi, ndi kubwerera kwa phokoso kuchokera kuphiri kapena m'mitengo. Chigawo chakuthwacho musachinyoze, poti ambiri adzaonera pafoni, ndipo sipika ya foni siitulutsa mawu apansi. Mfuti ikamalira nthawi zonse imasiya kuopsa. Ilire kawiri pambuyo pa mphindi zisanu za bata, mbalame zitasiya kuimba. Audacity ndi DaVinci Resolve, mapulogalamu a pakompyuta okonzera mawu ndi filimu, ali ndi mitundu yaulere yokwanira ntchito yonseyi. Nyimbo za eni ake musatole popanda chilolezo. Ng'oma, malipenga a zikho ndi mawu a amayi awiri zimakwana.

Anthu ndi masiku

Pemphani msilikali wopuma aphunzitse atengambali masiku atatu: kunyamula mfuti, kugona pansi, kuyenda motalikirana, chala kukhala kunja kwa chowombera. Ofuna gulu loguba apite kwa ovina mganda, amene gule wawo anachokera ku perete wa asilikali ndipo mapazi awo amagwirizana kale. Asilikali a KAR ochokera kuno ankalamulidwa m'Chinyanja, ndiye palibe chifukwa chowayankhulitsa Chingerezi cha m'mafilimu akunja. Ndipo aletseni kukuwa. Munthu wamantha amanong'ona, amauma kukhosi, amalephera kumanga chingwe cha nsapato.

Tsamba limodzi la sewero ndi pafupifupi mphindi imodzi ya filimu. Patsiku mungajambule masamba atatu kapena anayi a zokambirana, koma la kumenyana limodzi lokha. Zigawo zonse zofuna khamu muziike tsiku limodzi, chakudya chawo chikonzedweretu, chifukwa anthu osalipidwa akagona ndi njala mawa sabwera. Bokosi la mankhwala ndi njinga yamoto yothamangira kuchipatala zikhalepo, ndipo udzu wogonamo upondedwe kaye kuopa njoka. Madzulo aliwonse koperani zojambulidwa pa hard drive ziwiri zosungidwa m'nyumba zosiyana. Kamera ikamajambula pa 100 Mbps, ola limodzi limadya malo pafupifupi 45 GB pa hard drive.

Mukalumikiza koyamba, itanani anthu khumi amene si abale anu ndipo sadziwa atengambali. Muwaonetse pa TV wamba, inu mukhale kumbuyo ndi kope, mulembe mphindi imene aseka mosayenera ndi imene ayamba kugwira mafoni. Kawirikawiri malo amenewo ndi pomwe munayesa kuonetsa nkhondo yaikulu. Dulani chithunzicho, musiye phokoso lake likumveka pankhope ya amene akubisala. Mukatero pitani nayo ku Censorship Board ikapatsidwe msinkhu wa oyenera kuonera musanaionetse pagulu.